ZA MAKINA PAKHOMO: Deki Yakale ndi Wailesi ya Kanema Yatsopano

Wolemba Mtolankhani Wathu

Caka ciri conse alimi akagulitsa cimanga, nshawa, soya ndi thonje, mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amabwerera kumidzi atasenza makatoni aatali opyapyala. M'makatoni amenewa mumakhala wailesi za kanema zamakono, zija anthu ambiri amangozicha pulazima. Ndi cinthu cokondweretsa kuona banja limene lagwira khasu dzinja lonse likudzigulira cinthu cotere. Koma m'nyumba zambiri cimwemweco cimazirala madzulo a tsiku lomwelo, pamene bambo atulutsa deki yace ya makaseti kuti aonetse alendo ukwati wa mwana wace, kapena pamene ana abwera ndi gemu yao yakale, napeza kuti nthambo ziribe polowera, kapena zalowa koma pagalasi pangolembedwa mau akuti "No Signal".

Ena akafika pamenepa amaganiza kuti makina akalewo anafa, nawapatsa ana kuti aphwasule. Ena amathamangira kumsika nagula nthambo iri yonse imene wogulitsa wawaonetsa, ndipo ndalama imapita pacabe. Owerenga athu, makina anu sanafe ai. Ambiri a iwo angathe kugwira nchito ndi wailesi ya kanema yatsopano, malinga mudziwe pogwira. Ndipo pali cifukwa cacikulu cocitira zimenezi msanga, makamaka kwa inu amene muli ndi makaseti a vidiyo m'masutukesi.

Vuto lace liri pa cinenero. Deki, makina a VCD ndi magemu akale amatumiza cithunzi monga funde la magetsi lokwera ndi kutsika, ndipo wailesi ya kanema yakale ija yonenepa kumbuyo inali kulandira fundelo ndi kulemba cithunzi pagalasi mzere ndi mzere, monga momwe mlimi amaunga mizere m'munda kuyambira kumtunda kufikira kumunsi. M'dziko lathu, monganso m'maiko ambiri a mu Africa ndi Europe, njira imeneyi inali ya PAL, ya mizere 625. Wailesi za kanema zatsopano zimalankhula ndi manambala, ndipo khomo lao lalikulu ndi kaciboo kaphwatalala kolembedwa HDMI, kamene kanayamba kuoneka pa makina ca m'ma 2003. Maiko anapangana ku Geneva m'caka ca 2006 kuti pofika pa 17 Juni 2015 nyumba zoulutsira zithunzi zisiye njira yakale, ndipo kuno kwathu m'mizinda ya m'mbali mwa njanji njirayo inatsekedwa mu Okutobala 2017. Ndiyo nthawi imene madikoda anafala. Opanga wailesi za kanema ataona kuti dziko lasamuka, anayamba kucotsa ziboo zakale cimodzi-cimodzi kuti acepetse mtengo wopangira.

Koma sanacotse zonse, ndiponso si onse anacotsa. Motero musanatulutse ngwee iri yonse, tembenuzani wailesi ya kanema yanu, muunike ndi tochi kumbuyo, m'mbali ndi kunsi komwe. Mukaona ziboo zitatu zozungulira, cacikasu, coyera ndi cofiira, nkhani yanu yatha. Nthambo yacikasu imanyamula cithunzi, yoyera ndi yofiira zimanyamula mau. Lowetsani mtundu uli wonse pa unzace, kenaka pa rimoti dinizani batani lolembedwa Source kapena Input, musankhe AV. Pamene ambiri amaphonya ndi kumbuyo kwa deki, pakuti kumeneko kumakhala ziboo za magulu awiri, zina zolembedwa IN ndi zina OUT. Cithunzi cimatuluka m'deki ndi kulowa m'wailesi ya kanema, kotero nthambo ziyenera kucokera pa OUT wa deki kupita pa IN wa wailesi ya kanema. Deki zina zakale ziri ndi ciboo cimodzi cokha ca mau. Pamenepo gwiritsani nthambo yoyera, yofiira ingolendewera.

Wailesi za kanema zina ziri ndi ziboo zisanu: cobiriwira, cabuluu, cofiira, ndiponso coyera ndi cofiira cina. Munthu akasowa cacikasu amataya mtima, osadziwa kuti pa zambiri za izo ciboo cobiriwira cimagwira nchito ziwiri. Yang'anani ngati pambali pace palembedwa Video kapena AV, kapena ngati capakidwa cikasu mbali imodzi. Zikatero nthambo yacikasu ilowe pamenepo, ndipo yofiira ya mau ilowe m'ciboo cofiira cimene cagundizana ndi coyera, osati cinzace cija. Cithunzi cikabwera copanda mitundu, ndiye kuti pa rimoti mwasankha Component m'malo mwa AV. Ziboo zisanuzi zinapangidwira makina a DVD ndi magemu monga PlayStation 2, ndipo amene ali ndi nthambo yace ya mitu isanu adzaona cithunzi coyera bwino koposa ca nthambo yacikasu.

Palinso zina zimene ziri ndi kaciboo kamodzi kakang'ono, konga kolowetsa zomverera m'makutu za foni, kolembedwa AV IN. Zimenezi zimabwera ndi kanthambo kafupi ka mitu itatu m'katoni momwemo, ndipo kawiri-kawiri kanthamboko kamatayidwa pamodzi ndi mapepala tsiku loyamba. Kafuneni. Kakasowa, kogula kumsika sikagwira nthawi zonse, kaamba kakuti opanga sanagwirizane za kalumikizidwe ka mkati mwace. Mukamva kulira kwa "ziii" koma cithunzi palibe, yesani kusinthanitsa mitu, nthambo yacikasu muilowetse pa mutu wofiira kapena woyera. Simudzaononga kanthu poyesa motero.

Njira ya eriyo

Magemu ambiri otsika mtengo amene anafika m'masitolo athu m'zaka za m'ma 1990 ali ndi nthambo imodzi yokha, yolowa pamalo a eriyo. Deki nazonso ziri ndi ciboo cotere, colembedwa RF OUT. Makina olumikizidwa motere amadzisandutsa kanyumba koulutsira zithunzi, ndipo wailesi ya kanema iyenera kuwafuna-funa monga momwe inali kufunira ZNBC kale. Yatsani gemu kapena ikani kaseti iyambe kuyenda, kenaka lowani pofunira masiteshoni, musankhe Analogue kapena ATV, osati Digital. Deki zambiri za PAL zimapezeka pafupi ndi chanelo 36. Kufuna kumeneku kumatenga mphindi zingapo, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha, musadule pakati. Wailesi ya kanema imene imalandira Digital yokha siingathe kulandira makina anu mwa njira imeneyi, ngakhale ciboo ca eriyo ciripo.

Pano pali kamsampha kamene kagwira anthu ambiri. Deki zoculuka m'midzi mwathu zinabwera ndi abale ocokera ku South Africa kapena ku Britain. Maiko awiriwa anali kugwiritsa nchito PAL monga ife, koma mau anali kuwaika pamalo osiyana pang'ono: yao inali PAL I, yathu PAL B/G. Cotsatira cace ncakuti cithunzi cimaoneka bwino lomwe, koma m'malo mwa mau mumamveka phokoso longa la mvula pa malata. Mankhwala ace ali pa rimoti: pofunira masiteshoni pomwepo pezani mau akuti Sound System, musinthe kucoka pa BG kupita pa I. Vuto limeneli ndi la njira ya eriyo yokha. Pa nthambo zitatu zija kulibe.

Ndiye cifukwa cace deki yakale, ngakhale imene inaleka kuzunguza makaseti, iri ndi nchito ina imene ambiri saidziwa. Ngati gemu ya ana iri ndi nthambo ya eriyo yokha ndipo wailesi ya kanema ikukana kuilandira, lowetsani nthamboyo pa eriyo ya deki, muifune-fune gemuyo pa masiteshoni a deki, kenaka mutenge cithunzi pa AV OUT wa deki kupita naco ku wailesi ya kanema. Deki imakhala ngati nkhoswe pakati pa awiriwo. Deki zocokera ku Europe zimakhalanso ndi ciboo cacikulu cotambalala ca mano 21, dzina lace SCART. Kamutu kosandutsa SCART kukhala ziboo zitatu kamapezeka m'masitolo a zamagetsi, ndipo kali ndi kabatani kamene muyenera kukankhira ku OUT.

Kabokosi komasulira

Tsono tifike kwa inu amene mwaunika pali ponse napeza HDMI yekha. Mufunika womasulira, ndiye kabokosi kakang'ono kokulirapo pang'ono kuposa bokosi la macisa, kamene kamalandira funde lakale ndi kulisandutsa manambala. Ndalama zambiri za alimi zatayika pa kabokosi kameneka, cifukwa timabokosi tiripo ta mitundu iwiri tofanana ngati mapasa. Kena kalembedwa AV2HDMI, kena HDMI2AV. Womasulira ameneyu amadziwa njira imodzi yokha, monga munthu wokhoza kutembenuza Cingelezi kupita m'Cinyanja koma wosakhoza kubweza. Inu a deki ndi magemu akale mufuna AV2HDMI, kamene mbali ya ziboo zitatu yalembedwa Input ndipo mbali ya HDMI yalembedwa Output. Kanzace kaja ndi ka munthu amene ali ndi dikoda yatsopano ndi wailesi ya kanema yakale. Nkabwino pa nchito yace, koma kwa inu sikadzaonetsa ngakhale kadontho.

Sindinena kuti ogulitsa onse ndi akathyali. Anyamata ambiri a m'timasitolo ta mafoni sadziwa kusiyana kwa timabokosi tiwiriti, ndipo amakupatsani kamene dzanja layamba kugwira. Safunsa anadya phula. Nenani momveka kuti, "Acimwene, ndifuna kolandira nthambo zitatu ndi kutulutsa HDMI," muwerenge nokha zolembedwa pa kabokosiko, ndipo mupangane kuti kakakana mudzakabweza. Amene akhala kutali ndi boma acita bwino kunyamula gemu kapena deki yomwe, kuti akayese m'sitolo momwemo, pakuti ndalama ya basi yobwererera ingapose mtengo wa kabokosi.

Cimene ndikukanizani ndithu ndi nthambo yopanda kabokosi, ya HDMI kumutu kumodzi ndi mitu itatu kwinaku. Imaoneka ngati yankho lapafupi ndipo njochipa, koma waya wamba sangathe kusandutsa funde kukhala manambala. Kumasulira kumafuna makina, ndipo makina amafuna magetsi. Ndico cifukwa kabokosi keni-keni kamabwera ndi kanthambo ka USB, kofuna mavolti 5. Mungakalowetse pa USB ya wailesi ya kanema, koma cithunzi cikamazima-zima, kalowetseni pa chaja ya foni. Pambali pace pali kabatani ka 720p ndi 1080p. Mbali imodzi ikakana, yesani inzace.

Makina ocokera ku Japan ndi America ali ndi nkhani yao-yao. Kumeneko njira yao inali NTSC, ya mizere 525, ndipo pa wailesi za kanema zathu zakale cithunzi cao cinali kutuluka copanda mitundu kapena cothamanga kukwera m'mwamba. Zatsopanozi zambiri zimalandira njira zonse ziwiri, kotero vutolo lacepa, ngakhale kaseti yojambulidwa ndi NTSC imafunabe deki yodziwa NTSC. Coopsa ceni-ceni ndi magetsi. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi mavolti 100, ku America 120, pamene kuno kwathu ndi 230. Makina a kumeneko mukawalowetsa pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, mudzamva kaphokoso kamodzi ndi fungo la cinthu copserera, basi. Werengani kacikwangwani ka kumbuyo musanayatse: pakalembedwa 220-240V kapena 100-240V, mulibe mantha. Magemu ambiri amadya kupyolera m'kachaja kao-kao, ndipo kakatayika musangotola kali konse kolowa m'ciboo. Mavolti ayenera kufanana, ndiponso mbali za + ndi - ziyenera kukhala monga zajambulidwa pa gemuyo, pakuti magemu ena akale, monga Mega Drive yoyamba, anaika - pakati pamene makina ambiri amaikapo +. Inu a magetsi a sola, kumbukirani kuti ngakhale wailesi ya kanema yanu imayenda ndi mavolti 12 ocokera ku batire, deki imafuna 230, kotero pafunika invata.

Zonse zikalumikizika, musayembekezere kuti cithunzi cidzakongola monga mpira wa pa dikoda. Mwa mizere 625 ija, yooneka pagalasi inali 576 yokha, ndipo kaseti ya vidiyo siinali kusunga ngakhale ubwino wonse wa mizere imeneyo. Galasi latsopano liri ndi mizere 768, 1080 kapena kuposa apo, ndipo ndi lalikulu. Ziri ngati ndiwo zophikira anthu awiri zimene zagawidwa kwa anthu asanu ndi atatu: wophika amangothira madzi. Kabokosi sikaonjezera cimene pa kaseti palibe, ngakhale pa katoni yace palembedwe mau okoma otani. Cimene mungakonze ndi maonekedwe a anthu. Zithunzi zakale zinali za muyeso wa 4:3, pamene galasi latsopano ndi la 16:9, ndipo wailesi ya kanema imakonda kukoka cithunzi kuti cidzaze pali ponse, mpaka mkwatibwi amene tonse timdziwa kuti anali woonda aoneke ngati mtsuko. Pa rimoti pezani Aspect kapena Picture Size, musankhe 4:3. Kumanzere ndi kumanja kudzatsala mipata yakuda, ndipo palibe colakwika pamenepo. Mukakhala capatali pang'ono, maso adzakhululukira zotsalazo.

Pa magemu, makolo ena anganene kuti tisataye nthawi ndi zoseweretsa zimene zimalepheretsa ana kuwerenga. Ine ndinena kuti gemu yakale ya pakhomo, imene mai angathe kuizima nthawi yace ikakwana, iposa mwana wozemba kupita kumsika ndi ndalama ya mcere. Ndiponso alipo anyamata amene amapeza sopo ndi timanyumba ta magemu m'misika yathu. Kampani ya Nintendo inatulutsa Famicom ku Japan mu 1983, ndipo magemu aja a timakaseti tacikasu tolonjeza masewera zikwi-zikwi anali otsanzira makina amenewo. Sega inabwera ndi Mega Drive mu 1988, Sony ndi PlayStation mu 1994 ndi PlayStation 2 mu 2000. Onsewa alibe HDMI. Pa makina a Sony inayamba ndi PlayStation 3 mu 2006.

Osewera amadandaula kuti pa galasi latsopano kamunthu kamalumpha mocedwa, batani litadinizidwa kale. Sakunama. Wailesi ya kanema yakale inali kulemba mzere uli wonse nthawi yomweyo pamene wafika, koma yatsopano imayamba yalandira cithunzi conse, nkucikonza, nkucikulitsa, kenaka nkucionetsa. Woonera filimu sazindikira kucedwa kumeneku, koma wosewera amakumva m'zala. Mukapeza mau akuti Game Mode pa zosankha za cithunzi, yatsani, kucedwako kudzacepa. Magemu akale kwambiri amatumizanso theka lokha la mizere, ndipo wailesi za kanema zina zamakono zimasokonezeka nazo: cithunzi cimanjenjemera kapena sicibwera konse, pamene deki pa ciboo comweco ikuoneka bwino. Zikatero yesani kupyolera m'kabokosi kaja. Koma kamfuti kaja kowombera abakha sikadzagwira nchito pa galasi latsopano, kaya mugule ciani. M'kamwa mwa kamfutiko muli kadiso koona kuwala, kamene kamayembekeza kuti galasi liphethire pa kamphindi komweko pamene cala cakoka. Galasi latsopano limayankha mocedwa, ndipo kadisoko kamakhala katatseka kale.

Motero amene akali ndi wailesi ya kanema yakale yogwira nchito, ndipo magetsi ace ndi okwanira, asaitaye. Pa magemu ndi makaseti ndiyo mwini nyimbo. Koma ikafa, ana asaitsegule kumbuyo. Mkati mwace mumayenda mphamvu yoposa mavolti 20,000 pa zija zoonetsa mitundu, ndipo ina imatsalamo ngakhale mutazula pulagi. Galasi lace lirinso ndi mtovu, kotero siliyenera kuswedwa pabwalo kapena kutayidwa pafupi ndi citsime.

Makaseti sadzatidikira

Gemu ingathe kukhala m'katoni zaka zina khumi osasintha kweni-kweni. Kaseti ya vidiyo siri tero, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Makina a VHS anayambidwa ndi kampani ya JVC mu 1976, ndipo kampani yotsiriza kuwapanga, Funai ya ku Japan, inaleka mu Julaye 2016. Kuyambira pamenepo palibe deki yatsopano imene yatuluka m'fakitale. Zimene ziri m'midzi ndi m'makomboni ndi zomwezo, malamba ace a mphira akuuma ndi kuduka, ndipo amisiri odziwa kuzikonza akukalamba. Caka ciri conse deki zamoyo zimacepa.

Mafilimu a nkhonya ndi a nkhondo asatidetse nkhawa, pakuti amenewo amapezeka kwina. Koma taganizani zimene ziri pa makaseti ena aja olembedwa ndi bolopeni: ukwati wa mu 1994, maliro a agogo, kwaya ya mpingo imene theka la oimba ace anatisiya, tsiku limene mwana analandira satifiketi. Alipo amene anajambula Nc'wala ku Mtenguleni m'zaka zoyamba mwambowo utabwezeretsedwa mu 1980, ndi ena amene anajambula Kulamba ku Mkaika. Pa makaseti otere pali mayendedwe ndi mau a anthu amene adzukulu sanawaone, ndi magule ovinidwa monga anali kuvinidwira nthawi imeneyo. Kawiri-kawiri kaseti yoteroyo ndi imodzi yokha pa dziko lonse.

Mkati mwa kaseti muli lamba wopyapyala wa pulasitiki wopakidwa fumbi la maginito, ndipo cithunzi cimakhala m'fumbi limenelo. Kutentha ndi cinyezi zimafooketsa zomatira zace, ndipo m'nyumba zathu zonse ziwiri ziripo: kutentha kwa Okutobala pansi pa malata, ndi cinyezi ca dzinja m'sutukesi yokhala pansi. Tengani kaseti iri yonse muyang'ane pa kazenera kace. Mukaona timadontho toyera kapena ufa pa lamba wokulungidwayo, imeneyo ndi nkhungu. Kaseti yotere musaiike m'deki, pakuti idzadetsa mutu wowerenga cithunzi ndi kupatsira makaseti ena onse. Ipatuleni, muipereke kwa mmisiri wodziwa kutsuka. Zabwinozo muzisunge coimirira monga mabuku, pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi masipika, cifukwa m'masipika muli maginito.

Deki imene yakhala zaka osayatsidwa musayambe kuiyesa ndi kaseti ya ukwati. Lamba wa mphira akafooka, deki imakoka tepi nkuitafuna, ndipo pamene yatafuna sipabwereranso. Yambani ndi filimu imene simudzailira. Iyende, muibweze m'mbuyo, muitulutse, kawiri kapena katatu. Pa kaseti ya mtengo wapatali thyolani kadzino kapulasitiki kali kumsana kwace, kuti wina akadiniza batani lojambulira mwangozi, deki ikane. Mizere yoyera ikamadutsa pa cithunzi, konzani ndi mabatani a Tracking. Anthu akamayenda mothamanga ndi kulankhula ngati ana, ndiye kuti kasetiyo inajambulidwa pa liwiro la LP, lija losunga tepi, ndipo ifuna deki yokhala ndi LP.

Dziwani kuti kabokosi ka AV2HDMI kamangoonetsa, sikasunga kanthu. Kuti cithunzi cisamuke pa kaseti pafunika kacipangizo kena, kamene kamalandira nthambo zitatu zija ndi kulowa pa USB ya kompyuta. Ena mwa anyamata ojambula maukwati m'maboma athu ali nako, kapena angathe kukapeza mukawapempha. Nchitoyi iribe cidule: kaseti yolembedwa E-180 ndi ya mphindi 180, ndipo ikakhala yodzaza, kuisamutsa kumatenga maola atatu athunthu. Wokuuzani kuti mudikire panja mphindi khumi, mufunseni bwino cimene akucita. Musanalipire onani poyamba, pakati ndi pothera, mumvetsere ngati mau akuyendera pamodzi ndi milomo. Kaseti yanu muitenge, musaisiye kumeneko. Ndipo zimene zasamutsidwazo zikhale pa mafulashi awiri osungidwa m'nyumba ziwiri zosiyana, pakuti fulashi ndi kanthu kakang'ono kosacedwa kutayika kapena kufa. Madisiki a VCD ndi DVD ojambulitsa ku situdiyo naonso amafa, makamaka akakalika kapena akakhala padzuwa, koma amenewo kompyuta imawakopera msanga.

Kumene kulibe kompyuta, foni ingathandize. Usiku, m'cipinda camdima, imikani foni cogona patebulo moyang'anizana ndi galasi, muitsamiritse pa mabuku kuti isagwedezeke, ana akhale cete, ndipo mujambule kaseti ikuyenda. Pa nchito imeneyi galasi latsopano ndilo labwino, cifukwa lakale limaphethira pa kamera. Sizikongola monga za kompyuta, koma nkhope zimadziwika ndipo mau amamveka. Ngati m'mudzi muli deki imodzi yamoyo, mabanja angapangane ndi mwini wace, nasonkha pang'ono za magetsi ndi za mmisiri, kuti makaseti onse apite pa deki imeneyo mwezi umodzi. Poonerapo pakhale wacikulire wochula maina a anthu ooneka pa cithunzi, ndi mwana wa sukulu wolemba mainawo m'kabuku pamodzi ndi caka ndi mudzi.

Amene makina ao akana ngakhale atayesa zonsezi atilembere kalata. M'kalatamo muchule dzina la makina, mau onse olembedwa pa kacikwangwani ka kumbuyo, mitundu ya ziboo za pa wailesi ya kanema yanu ndi mau olembedwa pambali pa ciri conse, ndiponso ngati magetsi anu ndi a pakhoma kapena a sola. Tidzayankha pa tsamba lino.